Mabulosi Apsa, Mawu Akuyoyoka

Bandawe, kufupi ndi Chintheche, ndi kwawo kwa Atonga, koma chinenero chathu cha Chichewa chili ndi mbiri yake kumeneko. Dr Robert Laws, amene anasamutsira mishoni ya Livingstonia pamalopo kuchokera ku Cape Maclear mu 1881, anatolera mawu a Chinyanja mpaka kutulutsa mtanthauziramawu mu 1894. Mlendo anachita khama lotere. Nanga ife eni ake tikutayiranji mawu ngati madeya? Tangomverani momwe tikukambira za mabulosi, chipatso chomwe chimadetsa ana milomo mvula isanagwe.

Mlandu woyamba ndi wa mneni wadyera uja, "kupanga". Wameza anzake onse. Masiku ano munthu akuti akupanga juwisi, akupanga jamu, akupanga tiyi wa masamba. Ayi, abale, ntchito iliyonse ili ndi mneni wake. Mabulosi a mumtengo timathyola, oyoyoka timatola. Tikafuna chakumwa timafinya n'kusefa. Jamu timaphika pamoto wa makala, tikutakasa mpaka alimbe. Masamba timayanika pamthunzi, kusinja, kenako kuviika m'madzi otentha. Amene wanena bwino chotere waphunzitsanso mnzake kakonzedwe kake, pomwe wa "kupanga" wamusiya m'malere.

Mlandu wachiwiri ndi wa lilime ndi maso. Mabulosi osapsa sawawa, amawawasa. Chowawa ndi tsabola kapena kwinini. Akayamba kupsa amafiira psuu, akapsetsa amada bii, ndipo apo m'pamene amatsekemera. Kungoti "ndi abho" n'kusauka pakati pa chuma. Kudako kumabwera ndi anthocyanin, utoto wachilengedwe umene umathandiza kuteteza thupi. M'chipatsomo mulinso vitamini C ndi ayironi wothandiza magazi. Mayina achilendowa tiwalandire, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma "ma benefits" alowa bwanji m'nyumba momwe muli kale "ubwino" ndi "phindu"?

Mlandu wachitatu ndiwo woopsa, chifukwa ukhudza moyo. Tikumva ena akulengeza kuti masamba a mabulosi "amachiza shuga". Kuchiza n'kuthetseratu nthenda, ndipo masambawa sachita zimenezo. Chomwe akatswiri anapeza n'chakuti muli mankhwala otchedwa DNJ, amene amachedwetsa kulowa kwa shuga m'magazi munthu akadya. Choncho mawu oyenera ndi "amathandiza" kapena "amachepetsa". Wodwala akamva kuti "amachiza" akhoza kutaya mankhwala a kuchipatala, mapeto ake n'kulira maliro opeweka. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Tisamasokonezenso "kupewa" ndi "kuteteza": munthu amapewa matenda, chakudya chimateteza thupi.

Sindikunyoza achinyamata athu, iwo amangotola zomwe ife akulu tagwetsa. Abale athu Atonga amanyadira Chitonga chawo, ndipo akalankhula Chichewa pamsika wa Chintheche ayenera kumva chomveka kuchokera kwa ife, osati chophatikiza.

Kuwongola mtengo m'poyamba. Inu makolo, inu aphunzitsi, inu owulutsa mawu pa wailesi, mwana akati "ndikupanga juwisi", mufunseni mwachikondi kuti, "Kodi ukufinya kapena ukusefa?" Ndipo pokamba za mankhwala, yesani mawu anu musanawatulutse, pakuti pali wodwala amene akukumverani.