Mkungudza wa ku Mulanje ndi Abale Ake

Nkhani yathu lero ndi ya mitengo, makamaka banja limodzi la mitengo limene matabwa ake afolera nyumba zambiri m'dziko muno.

Munthu akaima pamtunda ku Bangwe m'mawa kutacha bwino, n'kuyang'ana kum'mawa kumene msewu wa Midima ulowera, amaona phiri la Mulanje lili tu ngati khoma. Pafupi ndi pomwe waimapo pamakhala amisiri a matabwa akupala zitseko, mabedi ndi mipando. Thabwa limene ali nalo m'manja kawirikawiri ndi la paini. Akuluakulu a ntchito imeneyi amakumbukira thabwa lina lonunkhira, losadyeka ndi chiswe, limene linkatsika kuphiri lija. Limenelo ndi la mkungudza. Mitengo iwiriyi ndi pachibale, ngakhale kuti wina ndi mwini mudzi pamene mnzake ndi mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja.

Chibale chake chili pa mbewu. Mango, masuku ndi mateme zimabisa njere m'kati mwa chipatso. Paini ndi mkungudza sizichita maluwa, ndipo njere zake zimangokhala pakati pa mamba a kabulunga kolimba, kamene kakauma kamayasama n'kuzitaya ku mphepo. Akatswiri a zomera amatcha gulu lonseli gymnosperm, mawu a Chigiriki otanthauza mbewu yosavala. Mitundu yake ilipo pafupifupi 1,000 pa dziko lonse, ndipo ndi mbumba yakale kwambiri, yomwe inalipo zomera za maluwa zisanaoneke. Mtengo wautali koposa yonse pa dziko lapansi ndi wa m'banja lomweli: uli ku California, ndipo umapitirira mamita 115. Komweko, m'mapiri ouma, muli mapaini ena amene akhala zaka zoposa 4,800 ali moyo. Ku China kuli ginkgo wa masamba onga chikupizo, ndipo m'chipululu cha Namibia muli Welwitschia, chomera cha masamba awiri okha amene amangokulabe moyo wake wonse.

Ife kuno tili ndi athu. Ku Nyika kuli kankhalango ka mitengo ya juniper. M'munsi mwa phiri la Mulanje mumamera chomera chooneka ngati kanjedza wamfupi, chimene akatswiri amati Encephalartos gratus. Si kanjedza ayi, ndi wa m'gulu lomwe lija. Koma mfumu ya yonse ndi mkungudza wa ku Mulanje, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse pa dziko lapansi koma pa phiri limenelo, m'makwawa ndi m'zigwa za pamwamba kumene kumazizira ndi kugwa nkhungu. Ukakhwima umafika mamita 40.

Anthu okhala m'mbali mwa phirilo anaudziwa mtengowu kalekale. Amene anautengera m'mabuku a Azungu ndi Alexander Whyte, wa ku Scotland, amene anabwera kudzagwira ntchito pansi pa Harry Johnston ndipo anakwera phirilo m'chaka cha 1891. Nthambi ndi mbewu zimene iye anatola zinatumizidwa ku London, ndipo mu 1894 katswiri wina, Alfred Rendle, anaupatsa dzina loti Widdringtonia whytei. Mumve bwino pamenepa: dzina loyambalo ndi la mkulu wa asilikali a pamadzi wa ku Britain, lachiwirilo ndi la Whyte, ndipo dzina la phiri kapena la eni ake mulibemo. Abale ake enieni a mtengowu ali ku South Africa, wina m'mapiri a Cederberg. Amene amawerenga Buku Lopatulika amakumana ndi mikungudza ya ku Lebano imene Solomo anamangira kachisi. Omasulira anabwereka dzina la mtengo wathu, koma wa ku Lebano ndi mtundu wina, woyandikana ndi paini.

Chimene chinauika mkungudza pa mavuto ndi ubwino wake womwe. Thabwa lake lili ndi mafuta onunkhira amene chiswe ndi tizilombo tofumbula mitengo sitiwafuna. Siliola msanga ngakhale m'madzi, ndipo silivuta kupala. Boma la atsamunda linaona msanga kuti lapeza chomangira nyumba ndi maofesi, ndipo macheka anayamba kulira pa phiri. Pambuyo pake opanga maboti a pa nyanja ya Malawi ndi osema ziboliboli ndi timabokosi togulitsa kwa alendo anaufunanso. Kachekedwe kake kanali ka manja: chipika chimagonekedwa pamwamba pa dzenje, munthu wina pamwamba, mnzake pansi utuchi ukumugwera m'maso. Akatha, amuna ankasenza matabwa aatali pamutu n'kutsika nawo m'njira zoterera, ambiri opanda nsapato. Ku Chambe kunamangidwa chingwe cha waya chotsitsira matabwa kuphompho.

M'chaka cha 1927 phirilo linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa. Kwa zaka zambiri lamulo linali lakuti ocheka a ziphaso azidula mitengo yokhayo imene yauma yokha. Lamulo limeneli linali ndi mpata woonekeratu. Mtengo wamoyo ukhoza kuumitsidwa: ena ankausenda khungwa kuzungulira tsinde, ena ankayatsa moto, ndipo chaka chinzake unali wouma monga lamulo lifunira.

Tsopano za mlendo uja. Poona kuti mkungudza ukukula pang'onopang'ono, a zankhalango anabweretsa mitengo yofulumira. Wotchuka pa yonse ndi Pinus patula wa ku Mexico, paini wa masamba onga singano zolendewera. Anaubzala pa phiri la Zomba, ku Dedza, ndi pa Mulanje pomwe. Ntchito yaikulu inali pa Viphya, kumene kuyambira mu 1964 boma linakuza nkhalango ya Chikangawa mpaka inafika mahekitala pafupifupi 53,000, imodzi mwa nkhalango zazikulu zobzalidwa ndi anthu mu Africa. Cholinga chinali fakitale ya zopangira mapepala ku Chintheche. Fakitaleyo sinamangidwe, mitengo inangokhwima ili chiimire. Mu 1999 kampani ya Raiply inapatsidwa gawo la mahekitala 20,000, ndipo mbali yaikulu yotsalayo inatha ndi moto ndi macheka m'zaka zotsatira, matabwa ambiri n'kutuluka m'dziko kudzera ku Tanzania.

Paini sitingamunyoze. Ndiye anapatsa munthu wamba denga, benchi ya kusukulu, ngakhale bokosi la maliro pa mtengo wofikirika. Koma pa Mulanje anaonetsa khalidwe lina. Njere zake zinauluka kuchoka m'minda yake n'kumera paliponse pamene moto wadutsa, malo omwewo amene mbande za mkungudza zimafuna, ndipo pokhala wofulumira anazitchinga dzuwa. Zinatengera bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust zaka zambiri kuti lim'chotse m'madera ena a phirilo.

Mu 1984 Pulezidenti Kamuzu Banda analengeza mkungudza wa ku Mulanje kukhala mtengo wa fuko la Malawi. Patangopita zaka ziwiri, mu 1986, m'dziko muno munapezeka nsabwe za mitengo zochokera kunja, zoyamwa madzi a nthambi. Zinaumitsa mipanda yambiri ya saipuresi m'matauni, ndipo zinakweranso phiri. Kafukufuku wosindikizidwa mu 2007 anapeza kuti nkhalango ya mkungudza yatsala mahekitala 845 okha, ndipo pafupifupi mtengo umodzi mwa itatu iliyonse yoimirira unali wouma. Zaka khumi zotsatira ndizo zinamaliza. Ocheka opanda ziphaso analowa chigwa ndi chigwa, ndipo owerenga mitengo atayenda mu 2017 anapeza mikungudza yokhwima 7 yokha.

Anthu a mu Blantyre safunika kupita kutali kuti amvetse kutha kwa nkhalango. Phiri la Ndirande linali ndi mitengo yambiri, yachilengedwe ndi ya paini, ndipo inatha m'zaka za m'ma 1990. Mu Marichi 2023, pa nthawi ya namondwe Freddy, matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Mvula imene ija inali yoposa muyeso, ndipo n'kutheka kuti nkhalango yokhayo sikadailetsa. Komabe dothi la pa phiri lopanda mizu siligwira.

Mbewu ya mkungudza sinatheretu. Mitengo ina inabzalidwa kale pa phiri la Zomba, ndipo njere zambiri zobwezeretsera zachokera m'minda yotereyi. Kuyambira mu 2016, Mulanje Mountain Conservation Trust, nthambi yofufuza za nkhalango ya ku Zomba ndi bungwe la Botanic Gardens Conservation International anathandiza midzi ya m'munsi mwa phiri kutsegula nazale, ndipo mbande mazana a zikwi zinasenzedwa kukwera m'njira zomwe zija matabwa ankatsikira. Mu 2025 bungwe la UNESCO linalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse. Mbande ya mkungudza imafuna dzuwa ndi malo oyera kuti imere, koma moto umodzi wa alenje a mbewa kapena mbira umaipha ikadali yaing'ono. N'chifukwa chake chaka ndi chaka, mvula ikangosiya, anthu amakwera ndi makasu ndi zikwanje kukalambula njira zotchinga moto kuzungulira timitengo timene tambiri sitinafike ngakhale pa denga la nyumba.