Makalasi a mabowo ku Hewe

Ambiri a ife amene tinagwirako choko ku Hewe, kwa Mfumu Katumbi, tinaphunzitsa m'makalasi opanda ngakhale galasi limodzi. Pamalo pa zenera amisiri ankasanja mabuloko a simenti obooka, osapaka pulasitala kapena penti, ndipo dzuwa linkalowa m'timabowomo n'kumagwera pamitu pa ana ngati mawanga a nkhanga.

Mamangidwewa anachokera kutali. Le Corbusier, katswiri wojambula mapulani a nyumba ku France, ankasiya konkire pamtunda, zipsera za matabwa a chikombole zikuoneka, monga pa Unité d'Habitation ya ku Marseille, yomwe inatha mu 1952. Ankakondanso kutchinga mazenera ndi tizipupa ta konkire kuti kuwala kulowe koma kutentha kutsale panja. Mayiko otentha anatengera nzeruyi msanga. Yunivesite ya Zambia ku Lusaka, yomwe inatsegulidwa mu 1966, ndi konkire yekhayekha, pulani yake ya Julian Elliott. Kuno kwathu Kamuzu anakongola ndalama zokwana marandi 8 miliyoni ku South Africa mu 1968, maofesi a Capital Hill n'kuyamba kudzuka, likulu n'kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975.

Ku Hewe kunafika nyenyeswa chabe za zonsezi. Simenti inkachokera ku Blantyre, miyala yake yokumbidwa ku Changalume, ndipo thumba likamadutsa Rumphi ndi Bolero pamsewu wafumbi uja, mtengo unali utakwera kale. Galasi likanasweka panjira. Likanafika, mpira wa ana ukanalimaliza. Buloko lobooka silisweka wamba, silibedwa, silifuna mpiringidzo. Amene analisankha ankawerengera ndalama, ndipo sindiwadzudzula.

Koma sankakhala m'kalasimo. Mu Juni mphepo yotsika ku Nyika inkalowa popanda choitchinga, ana atapinda manja m'malaya. Mvula ya Febuluwale ikamanga thambo, wa kumbuyo sankaona bolodi, ndipo tinkatsegula chitseko kuti tibwereke kuwala panja. Mu Okutobala mokha ndi mmene ndinkawayamika amisiri aja, kalasi ili zii malata akulira ndi dzuwa.

Kuyambira 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zake pofuna kuteteza mitengo, choncho simenti yabwereranso mwamphamvu. Midadada yatsopano ikumangidwa ndi mabuloko oumbira pamalo pomwepo, ndipo pa ina akuika mafelemu achitsulo ndi magalasi, omwe komiti ya sukulu iyenera kumagula okha akasweka.