Zimene Dothi la ku Vilankulo Linasunga

Kwa zaka zambiri ana a m'masukulu a dziko la Mozambique ankaphunzitsidwa mbiri yoyambira pa chaka cha 1498, pamene Vasco da Gama anadutsa ndi zombo zake m'mbali mwa nyanja ya India, ngati kuti asanafike iye kunalibe kanthu koyenera kukumbukira. Koma dothi la ku Vilankulo, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Inhambane, linali litasunga umboni wina, ndipo umboniwo unaonekera dziko litangolandira ufulu.

M'chaka cha 1977 katswiri wofukula zakale, Paul Sinclair, anapeza malo otchedwa Chibuene, pagombe, makilomita owerengeka kumwera kwa tauniyo. Ofukula anakumba pang'onopang'ono, nasefa mchenga, nalemba kuya kwa chinthu chilichonse, pakuti chimene chili pansi ndicho chinayamba kugwa. Poyeza makala a moto wakale anazindikira kuti anthu anayamba kukhala pamalopo cha m'ma 600. M'madzala mwao munapezeka mapale a mbiya zoumbidwa komweko, minga ya nsomba, zigoba za m'nyanja ndi zotsalira za ntchito yosula chitsulo. Manda a eni mudzi anapezekanso. Koma pakati pa zinthu wambazi panali mikanda ya galasi yochuluka, zidutswa za mabotolo, ndiponso mapale onyezimira a mbiya zoumbidwa kumaiko a ku Persia.

Tsono mikanda ya mtundu womwewo yafukulidwanso kutali kumtunda: ku Schroda m'chigwa cha Limpopo, ndi ku mapiri a Tsodilo m'dziko la Botswana, mtunda woposa makilomita 1,000 kuchokera kugombe. Ichi chisonyeza kuti Chibuene linali khomo limene katundu wa kutsidya la nyanja ankalowerapo, napita m'manja ndi m'manja mpaka pakati pa Afrika. Akatswiri akhulupirira kuti zombozo pobwerera zinkasenza minyanga ya njovu, mwinanso akapolo. Cha m'ma 1000 malonda amenewa anazilala.

Pafupifupi makilomita 50 kumadzulo kwa Vilankulo kuli Manyikeni, linga la miyala lomangidwa mofanana ndi la Great Zimbabwe, limene Peter Garlake anayamba kufukula mu 1975. Anthu anakhalapo kuyambira cha m'ma 1200 kufikira cha m'ma 1700. Pamenepa mafupa otayidwa ndiwo anaulula za moyo wa mudziwo: a pafupi ndi linga ambiri anali a ng'ombe, pamene a kutali ndi linga anali a mbuzi, nkhosa ndi nyama za m'tchire. Motero akulu ankadya ng'ombe, anthu wamba nadya zimene akanatha kupeza. Palibe mlembi amene analemba za kusiyana kumeneku, koma dzala silinabise.

Maina a mafumu a ku Manyikeni ndi a asodzi a ku Chibuene anaiwalika. Chotsala ndi phale, mkanda ndi fupa, ndipo zimenezi zimalankhula pokhapokha zikapezeka pamalo pamene zinagwera. Chifukwa chake mlimi amene khasu lake lavumbula mapale akale, kapena womanga amene wakumana ndi manda pokumba maziko, achita bwino kuleka, nadziwitsa mfumu ndi akuluakulu a boma. Chimene chamwazidwa kamodzi sichingawerengedwenso.