Kupimitsa

Ku Kanyama, Matero ndi Chawama mu Lusaka mumamva kuti "ndapita kukapimitsa," pomwe ku Malawi ambiri amati kuyezetsa. Tsinde la kupimitsa ndi kupima, monga telala apimira nsalu. Wopima ndi wa ku labu. Wodwala amapimitsa, kutanthauza kuti amapereka magazi, mkodzo kapena makhololo kuti wina awaone.

Vuto limabwera munthu akati "mundipime zonse." Palibe chipimo chimodzi choona matenda onse. Cha malungo chimafuna kadontho ka magazi a pachala, cha TB chimafuna makhololo. Dokotala amayamba wafunsa, kenako n'kusankha chipimo. Ndimamuikira kumbuyo, chifukwa mankhwala opimira amatha, ndipo akathera pa munthu wongofuna kukhazika mtima pansi, mwana wotentha thupi amene ali pamzere amabwerera osapimidwa.