Belu la ku Kafue

Tikamawoloka mtsinje wa Kafue pa basi, ambiri sitidziwa kuti pafupi pomwepo amishoni a Methodist anatsegula sukulu yogonera komweko ya anyamata mu 1918. Mnyamata akachoka kumudzi, moyo wake unkayendera belu: kudzuka, pemphero, kalasi, kenako khasu kumunda kapena ukalipentala. Amishoni ankafuna aphunzitsi ndi alaliki omvera. Koma nyali ikazima m'nyumba yogonamo, m'busa sankamva zomwe anyamata a midzi ndi zilankhulo zosiyana ankanong'onezana mumdima. Ife tikuganiza kuti si mavesi okha. Mmodzi mwa ophunzira pasukulupo anali Harry Nkumbula. Mu 1951 anakhala mtsogoleri wa Congress, n'kumakana poyera Federation imene azungu ankakonza.