Chikwakwa: Mmene Sewero Linatulukira pa Geti la Yunivesite

Chikwakwa tonse tichidziwa. Ndi chija chitsulo chopindika kumapeto chimene aphunzitsi anali kutipatsa tikachedwa kusukulu, chida cha chilango ndi cha ganyu. Palibe mwana amene amalota kuti akakula adzakhale wotchetcha udzu. Koma cha mu 1969, ophunzira ena a pa Yunivesite ya Zambia, anthu amene dziko lonse linali kuwaona ngati mabwana a mawa, anatenga dzina la chida chimenechi nalipereka ku bwalo lao la masewero. Ngati munaimapo pa msika wa ku Chawama kapena pa kiliniki ya ku Kanyama kumvera ng'oma, kenaka n'kuona anyamata ndi atsikana ayamba sewero pakati pa fumbi, popanda steji kapena tikiti, dziwani kuti kachitidwe kameneko kali ndi makolo ake. Mmodzi wa makolowo ndi Chikwakwa.

Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, anthu akuda okhala ndi madigiri anali pafupifupi 100 chabe m'dziko lonse. Yunivesite inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, ndipo anthu wamba anasonkhako ndalama, ena ziweto, kuti imangidwe. Motero wophunzira wa nthawi ija anali ndi ngongole imene sinalembedwe papepala. Funso linali lakuti adzabweza bwanji.

Masewero a pa steji masiku amenewo anali m'manja mwa azungu. Lusaka Playhouse ndi tinyumba tina ta masewero ku Copperbelt tinali makalabu ao, kumene anali kusewera nkhani za ku England m'Chingelezi cha ku England. Ufulu utabwera chitseko chinatseguka, inde, koma munthu wa ku Matero akanalowa bwanji? Tikiti ndi ndalama, sewero litha usiku, basi palibe, ndipo ngakhale ulowe, nthabwala zake ndi za anthu amene sunakhalepo nao pa mphasa imodzi. Sikuti m'makomboni munalibe zosangalatsa. Munali kalela, munali ng'oma za mitundu yonse imene inasonkhana mu Lusaka, ndipo madzulo anthu anali kuzungulira wailesi kumvera nthano za a Julius Chongo pa Pocheza m'Madzulo. Koma zonsezi kwa eni makalabu aja sizinali kuwerengedwa ngati luso.

Mphunzitsi wina wa mabuku a Chingelezi, a Michael Etherton, pamodzi ndi anzao ndi ophunzira a m'gulu la UNZADRAMS, anaganiza zomanga bwalo lao. Sanamange nyumba ya makatani ndi mipando ya nsalu. Anapita kuthengo, ku Chamba Valley, natchetcha udzu ndi manja ao, napanga bwalo lapamtetete longa la kumudzi. Dzina linachokera ku ntchito yomweyo. Cholinga chinali chakuti sewero la Zambia likambe za Zambia, lilowetse nyimbo, ng'oma ndi magule m'kati mwa nkhani, ndipo lisaope zinenero za anthu.

Zimene anasewera zionetsa mtima wa nthawi ija. Mu 1970, chaka chimene Lusaka inalandira msonkhano waukulu wa maiko osatsata America kapena Soviet Union, ophunzira anaonetsa Che Guevara, sewero la Mario Fratti lokamba za womenyera ufulu wa ku Cuba uja. A Kabwe Kasoma analemba Black Mamba, masewero otsata ulendo wa a Kenneth Kaunda pa nkhondo ya ufulu, kuchokera m'buku lao la Zambia Shall Be Free. Ganizirani anthu amene zaka zochepa chabe m'mbuyomo anali kugulira nyama pa kawindo ka kumbali kwa butchala, manje aona mbiri yao yomwe iyenda pa bwalo, ndipo wosewera mzungu wa tsankho akusekedwa poyera. Chimenecho chinali chatsopano.

Komabe bwalo la ku Chamba Valley linali ndi vuto limodzi lalikulu: linali kutali. Munthu wa ku George kapena ku Kanyama wopanda motoka sakanafikako usiku, chimodzimodzi monga ku Playhouse. Udzu unalowa m'malo mwa makatani, koma oonerera ambiri anali a pa yunivesite omwewo ndi anzao. Apa ndi pamene panabadwa chinthu chimene ine ndiona kuti ndicho chipambano chenicheni cha Chikwakwa. Anati ngati anthu sangabwere, sewero ndilo liyende. Nzeruyi inali itayesedwa kale ku Ibadan ku Nigeria ndi ku Makerere ku Uganda, ndipo kuno inagwira. Pa holide ophunzira anali kukwera motoka kupita kuzigawo. Akafika pamalo sanali kungotsitsa sewero lophikaphika. Anali kukhala masiku ndi ana a sukulu za sekondale, aphunzitsi ndi anthu a pamalopo, kuphunzira nyimbo zao, kupanga nao masewero m'Chinyanja, m'Chibemba, m'Chitonga kapena m'Chilozi monga mwa dera, kenaka n'kukaonetsa pa bwalo la sukulu kapena pa msika. Ambiri mwa masewerowo sanalembedwe konse. Osewera anali kugwirizana za mutu wa nkhani, mau n'kumabwera pomwepo, ndipo woonerera akaponya liu, wosewera anali kuliwakha n'kulibweza.

Mu July 1971 zinthu zinatembenuka. Ophunzira anaguba kupita ku ofesi ya kazembe wa France kukatsutsa zakuti dzikolo lithandize boma la tsankho la South Africa ndi ndeke zankhondo. Apolisi anawabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi. Atsogoleri a ophunzira analembera Pulezidenti Kaunda kalata yomudzudzula, yunivesite inatsekedwa, ndipo aphunzitsi awiri, a Etherton ndi a Andrew Horn, anapitikitsidwa m'dziko. Onse awiri anali anthu a masewero. Boma limene mbiri yake inali kutamandidwa pa bwalo lija linaonetsa kuti nalonso lili ndi malire a zimene lingamvere. A Etherton pambuyo pake anakaphunzitsa ku Zaria ku Nigeria, kumene anapitiriza ntchito ya mtundu womwewo.

Chikwakwa sichinafe nao. Amene anapitamo ndi amene anabwera pambuyo anachinyamula. A Mapopa Mtonga anakhala mphunzitsi pa yunivesite yomweyo ndi katswiri wofufuza za magule ndi masewera a ana. A Stephen Chifunyise, mwana wa ku Zimbabwe amene anaphunzira kuno, anatsogolera za chikhalidwe m'boma la Zambia asanabwerere kwao dziko lao litamasuka. A Dickson Mwansa analemba masewero ndi kuphunzitsa za maphunziro a akuluakulu. A David Kerr, amene anaphunzitsa kuno ndi ku Chancellor College ku Zomba, anathandiza kuti moto womwewo uyake ndi ku Malawi. Mu 1975 magulu a anthu akuda anapanga bungwe lao, ZANTAA, atatopa ndi bungwe lakale la TAZ limene linali m'manja mwa makalabu aja. Mabungwe awiriwa anadzaphatikizana mu 1986 kukhala NATAAZ, imene ambiri a inu muidziwa chifukwa cha mipikisano ya masukulu. Gulu la Tikwiza linatenga Soweto, sewero la a Masautso Phiri lokamba za ana a sukulu amene anaomberedwa mu 1976, kukaonetsa ku FESTAC ku Lagos mu 1977. Dzina lomwelo la Soweto tili nalo pa msika wathu waukulu, ngakhale ogula tomato ambiri saliganizira.

Kumbali ya zojambula, nthawi yomweyo yunivesite inali ndi a Henry Tayali, amene anabadwira ku Serenje mu 1943, nakulira ku Bulawayo, naphunzira ku Makerere ndi ku Düsseldorf ku Germany. Chiboliboli cha The Graduate chimene omaliza maphunziro amajambulitsa pafupi nacho ndi ntchito yao. Koma muone zithunzi zao zopenta: khamu la anthu opanikizana, m'mabawa, m'misika, nkhope zosawerengeka. Munthu wolembedwa ntchito ndi yunivesite, maso ake anali ku komboni. Anamwalira mu 1987, ndipo nyumba ya zojambula ya ku Showgrounds itchedwa ndi dzina lao.

Ulendo wa kuzigawo nawonso unali ndi chilema chake, ndipo eni ake anachiona. Ophunzira abwera, aseketsa anthu, adzutsa mafunso, holide yatha, abwerera ku Lusaka. Chitsime chikali chouma, kiliniki ikali kutali. Mu 1979 ku Chalimbana, kum'mawa kwa Lusaka, kunachitika msonkhano wa anthu a masewero ochokera m'maiko angapo, kumene anayesa njira ina. Anayamba alowa m'midzi ya Asoli kukamvera mavuto a anthu, napanga masewero kuchokera pa zimene anamva, ndipo sewero likatha panali kukambirana za chochita. Njira imeneyi ndiyo itchedwa Theatre for Development, sewero la chitukuko. Ndiyo mayi wa pafupifupi sewero lililonse limene mumaona pa msika lero.

M'zaka za m'ma 1980 mpira unafika ku komboni kwenikweni. Mtengo wa kopa unali utagwa kuyambira 1975, nchito zinasowa, mizere ya unga ndi saladi inatalika. Achinyamata ena anaona kuti sewero lingakhale nchito. Gulu la Kanyama Theatre Production Unit linadziwika ngati limodzi mwa magulu oyamba m'Zambia kukhalira sewero lokha, kuyenda m'masukulu ndi m'matauni, kudya za pakhomo. Amenewa sanali ophunzira a pa holide okhala ndi bedi lowayembekeza ku hositelo. Anthu akapanda kubwera, nsima kunyumba kulibe. Motero anaphunzira msanga chimene chigwira khamu ndi chimene chilithamangitsa, ndipo Chinyanja chao chinali chija cha mu basi, chosakaniza, chothamanga.

Kenaka kunabwera AIDS. Mu 1987 a Kaunda anauza dziko lonse lapansi kuti mwana wao Masuzyo anamwalira ndi matendawo, ndipo pang'onopang'ono nkhani imene inali ya manong'onong'o inayamba kukambidwa poyera. Mabungwe othandiza anapeza kuti palibe chida chofika kwa anthu msanga kupambana ng'oma ndi sewero. Ndalama zinalowa, magulu anachuluka m'komboni iliyonse. Zabwino zake sitingazikane: anthu anamva za kondomu, za kupimitsa magazi, za TB, ndipo kolera itavuta Kanyama mu 2017 ndi 2018 njira yomweyo inagwiranso nchito. Koma pali chimene chinatayika pa malonda amenewa. Wolipira ndiye asankha mutu. Sewero limayamba yankho lili kale m'thumba, lolembedwa ku ofesi, ndipo osewera avala masikipa a bungwe. Ana a Chikwakwa anali kufunsa mafunso amene anatsekesa yunivesite. Adzukulu ake kawirikawiri auzidwa kuti akauze amai a pa msika kusamba m'manja, osafunsa chifukwa chake pompi ya m'deralo ikhala youma kapena chifukwa chake madzi a mvula asefukira m'zimbudzi chaka ndi chaka. Sindiwanena osewerawo, nawonso afuna kudya. Koma woonerera wa ku Kanyama si mwana. Amadziwa sewero limene likamba naye ndi limene lingomulalikira.

Yunivesite yokha sinachisamale bwino chimene inabala. Kwa zaka zambiri sewero linakhala kachigawo chabe m'maphunziro a mabuku ndi zinenero, ndipo wofuna kuphunzira kujambula kapena nyimbo anali kupita ku Evelyn Hone College kukatenga dipuloma. Digiri ya zojambulajambula inadzapezeka ku Zambian Open University, imene a Dickson Mwansa omwe aja anali mmodzi wa oiyambitsa. Ndipo mu 2018, UNZA italengeza digiri ya chikhalidwe chosagwirika ndi manja, mothandizidwa ndi UNESCO, pa Facebook panadzaza nthabwala zakuti yunivesite yayamba kuphunzitsa ufiti. Zimene anali kuseka ndi nyimbo, magule, nthano ndi miyambo, zinthu zonga Gule Wamkulu ndi Makishi zimene UNESCO inazilemekeza kale mu 2005, zomwe zija ophunzira a Chikwakwa anali kukwera motoka kukaphunzira kwa anthu a kumudzi.

Kalingalinga ili pafupi ndi yunivesite moti munthu ayenda ndi miyendo, ndipo ophunzira ambiri achita lendi komweko ndi ku Mtendere. M'zaka za Chikwakwa luso linali kuganiziridwa kuti lichoka ku kampasi kupita kwa anthu. Lero magulu amene amveka kwambiri anayambira mbali inayo. Barefeet Theatre inayamba mu 2006 ndi ana amene anali kugona m'misewu ya Lusaka, ndipo ena mwa iwo ndiwo anakhala ophunzitsa anzao. Circus Zambia inayambitsidwa ndi anyamata a ku Chibolya, komboni imene anthu ambiri a m'mayadi aopa ngakhale kupitamo masana. Anaphunzira kupidiguka pa fumbi ndi pa matayala akale, ndipo manje aonetsa luso lao kunja kwa dziko, kwinaku aphunzitsa ana a kwao komweko.