Makina Omva Ubongo Koma Osaona Wodwala

Ena amati khunyu, ena manjirinjiri, ena amangoti matenda akugwa. Dzina lomalizali limasocheretsa, pakuti si onse odwala khunyu amene amagwa, ndipo si aliyense wogwa amene ali ndi khunyu. Wina amangoti duu kwa masekondi ochepa, pomwe wina amakomoka chifukwa cha vuto la mtima. Pofuna kusiyanitsa, madokotala amapima ndi EEG, makina ojambula timphamvu tamagetsi ta mu ubongo, amene Hans Berger wa ku Germany anayamba kuwayesa pa munthu mu 1924.

EEG wamba imatenga mphindi 20 mpaka 30, koma matendawa sapangana ndi munthu tsiku. N'chifukwa chake kuli ambulatory EEG, yoyenda nayo. Amamata pamutu tizitsulo pafupifupi 20 totchedwa maelekitirodi, kabokosi kojambula n'kukakoleka m'chiuno, wodwala ulendo kwawo kwa maola 24 mpaka 72. Masiku onsewo sasamba m'mutu, guluu amayabwa, ndipo mawaya amakopa maso a anthu.

Vuto lalikulu akatswiri amalitcha artefact: mizere yooneka ngati yochokera mu ubongo chonsecho yabwera ndi zina. Kutafuna, kutsuka mano, kuphethira, kukanda m'mutu ngakhalenso thukuta, zonsezi zimalemba mizere yawoyawo, ina yofanana ndi ya khunyu. Kuchipatala kachitsulo kakamatuka katswiri amakabwezera pomwepo. Kunyumba usiku wonse ungapite pachabe wina osadziwa.

Wodwala amauzidwa kudina batani la pa kabokosiko ndi kulemba m'kabuku matenda akamuyamba, koma amene amagwidwa osazindikira adina bwanji? Apa ndi pamene video EEG ya kuchipatala imaposa. Kamera imaona thupi, namwino amamuyankhulitsa wodwalayo kuti aone ngati akumva, ndipo dokotala angachepetse mankhwala mosamala kuti matenda aonekere. Kunyumba kuchepetsa mankhwala n'kuika moyo pachiswe, choncho masiku atatu angathe popanda chochitika. Zotsatira zikatuluka zabwinobwino sizitanthauza kuti munthu alibe khunyu.

Inu amene mumakhala ndi wodwala, umboni wanu ndi wofunika kuposa kabokosiko. Mukamugoneka cham'mbali pamalo abwino, onani mbali ya thupi imene yayamba kugwedezeka, werengani mphindi, ndipo ngati pali foni jambulani kuti dokotala akaone.